Dzina la Kachilombo ka M'phazi Langa

Lachiwiri, 4 Juni

Sindinaponde msomali. Mlamu wanga, mkazi wa achimwene, wauza wodi yonse kuti ndinaponda msomali, anesi alemba zomwezo, ndipo achimwene akuonjezera pa foni kuti unali wadzimbiri. Inali nsapato. Nsapato yatsopano, yachikopa, imene ndinavala pa tsiku la makolo kusukulu kumene ndimaphunzitsa. Inanditulutsa chithuza pansi pa chala chachikulu cha phazi lamanzere, ine osamva kanthu, poti shuga anapha kale mitsempha ya kumapazi. Ndinazindikira ndi fungo.

China choti ndikonzeretu: sindinalephere ku yunivesite. Ndinasiya ndekha m'chaka chachitatu, ndikuphunzira za tizilombo tosaoneka ndi maso. Kusiya ndi kulephera ndi zinthu ziwiri. Mlamu wanga akafuna kunditamanda amati "anangotsala pang'ono", ngati ndine basi imene inafera pa geti la depoti.

Andigoneka m'wodi ya amayi ya opaleshoni, bedi loyandikana ndi sinki yodontha. Shuga 23. Kutentha kwa thupi 38.7. Insulini, diripi, ndi mankhwala opha tizilombo: seftriakisoni wa mumtsempha kawiri pa tsiku, metro katatu. Zala ziwiri zada bii.

Lachitatu, 5 Juni

Atenga mafinya kuti apite nawo kulabu. Nesi anangopukuta pamwamba pa bala ndi kathonje ka pakamtengo, ngati akufufuta choko pa bolodi. Ndinamuuza kuti pamwamba pa bala pamakhala alendo okhaokha, eni khomo ali pansi, komanso kuti akanatenga dzulo ndisanalandire jakisoni.

"Amayi, inu ndinu odwala kapena oyang'anira?"

Ndinati zonse ziwiri, poti woyang'anira winayo sakuoneka.

Kumanja kwanga kwagona mayi wogulitsa makala, nayenso shuga, nayenso phazi. Wodi yonse imawatchula Amakala. Anaseka mpaka kutsamwa. "Aphunzitsi, musawaputepute awa. Singano ili m'manja mwawo."

Kenako anandifunsa kuti kathonjeko akukatani nako. Ndinawafotokozera, poti pakamwa panga sipadziwa holide. Kulabu amakapaka m'timbale tagalasi momwe muli chakudya cha tizilombo, chogwirana ngati jele. Mbale ina ndi ya magazi, mmene mumamera aliyense. Ina imatchedwa makonki, yofiirira, yothiramo ndulu kuti mumere a m'matumbo, ndiponso shuga wa mumkaka. Amene amadya shuga ameneyu amamera apinki, amene sadya amamera otuwa. Akatero amatsekera timbaleto m'kabati yofunda ngati thupi la munthu, n'kudikira mawa.

"Ndiye kuti amachita kuziweta?"

"Amaziweta."

"Ife kuno tiyi wopanda kanthu, izo magazi ndi mkaka. Ndinabadwa molakwika ine."

Lachinayi, 6 Juni

Kwabwera dokotala wa opaleshoni, wamtali, wosaseka, gulu la ophunzira lili pambuyo. Analowetsa kachitsulo m'bala, ine ndinamva kakugogoda fupa. Sizinapweteke. Ndikanakonda zikanapweteka.

Akuti adule zala ziwirizo mawa, pamodzi ndi kachigawo ka phazi kumbuyo kwake. Akuti ndikhoza kudzayendabe ndi nsapato yomweyi nditaikamo thonje kutsogolo.

Ndinati ayi. Ayambe adziwa amene akundidya.

"Mankhwala amayenda ndi magazi, mayi. Kumene kwadaku magazi sakufikako. Ngakhale titadziwa dzina lake ndi la agogo ake, zala izi zapita."

"Zala mwina. Koma mukadula osadziwa chimene mukulimbana nacho, mudzabweranso sabata yamawa kudzadula pena. Mudzandimaliza pang'onopang'ono ngati buledi."

Wophunzira wina anaseka, anzake anamugunda ndi chigongono. Dokotala anatulutsa cholembera, n'kujambula mzere pa phazi langa kuzungulira pamene pathera kufiira. Akuti tiziona tonse ngati kufiirako kudumphe mzere.

Kalasi yanga ili pamwamba, masitepe okhota kawiri, opanda chogwirira. Ndine mphunzitsi wopanda pepala pa sukulu ya munthu. Tsiku limene ndidzalephere kukwera, ahedi sadzavutika n'kundilembera kalata. Phazi ili ndi ntchito yanga. Sindilipereka kwa munthu wongoganizira.

Shuga 17. Thupi 38.4.

Lachisanu, 7 Juni

Zotsatira zabwera. Mawu awiri: makolifomu osakanikirana.

Kolifomu si dzina. Ndi mtundu wonse wa tizilombo ta m'matumbo timene timadya shuga wa mumkaka n'kumera tapinki pa makonki. M'menemo muli Ikolayi, muli Kilebusiyela, muli Enterobakita, muli Sitirobakita, aliyense ndi khalidwe lake, aliyense ndi mankhwala amene amawaopa. Kundiuza kuti ndi kolifomu kuli ngati apolisi kundiuza kuti amene wandithyolera nyumba ndi munthu. Zikomo kwambiri, bwana, ndimayesa mbuzi.

Koma siginecha ya pansi pa pepalalo ndaidziwa. Tinali kalasi imodzi ku yunivesite. Ankakhala kumbuyo kwanga m'labu, khosi lili tolotolo kusuzumira m'kope langa, mpaka tinamupatsa dzina loti Wokopera. Iye anamaliza. Lero ndiye mkulu wa labu ya pano.

Ndatuma mlamu wanga kuti akamuitane. Anati, "Alamu, anthu aakuluakulu ngati amenewo angabwere kuwodi?" Ndinati akangomuuza kuti wamuitana ndi uja ankamulembera malipoti a Lachisanu.

Loweruka, 8 Juni

Anabwera. Wanenepa, dazi lafika pakati, gauni yoyera yosita bwino. Anaima kumiyendo kwa bedi, n'kundiitana dzina limene palibe wanditchula chichokere kusukulu.

"Shasha! Ndiwedi?"

"Ndine. Ukulembabe zosamaliza mpaka pano?"

Anaseka, koma maso ake anali pa bandeji. Atakhala pansi anayamba kunditchula kuti inu. Ndinadana nazo. Munthu akayamba kukulemekeza uli pa bedi, ndiye kuti waona china.

Akuti kathonje ka pamwamba kanameretsa mitundu yambiri, ndipo zikatero sapitiriza, chifukwa sangadziwe wolakwa ndi wongodutsa. Ndinati zimenezo ndinamuuza kale nesi. Akuti akapatsidwa kanyama ka pansi penipeni pa bala, apanga zonse ndi manja ake: kupatula mtundu uliwonse pa mbale yakeyake, kenako timachubu toyesera kuti ndi ndani, kenako mbale ya mankhwala.

"Koma zimatenga masiku, mukudziwa inunso. Tizilombo sitimva kuti fulumira. Lolani adokotala adule zalazo, ine ndipima zomwe adulezo. Dzina mulipeza ndithu."

"Ndilipeze nditadulidwa kale? Nanga likadzanena kuti mankhwala ena akanapulumutsa phazi lonse, udzandisokerera?"

"Shasha..."

"Kapange ntchito yako. Uno si mayeso, palibe woti umukopere."

Amakala anadikira kuti atuluke. "Aphunzitsi, bamboyo anakukondanipo kale, eti?" Ndinati ankakonda kope langa.

Lamulungu, 9 Juni

Tsiku la alendo. Wodi yadzaza mabasiketi, mafulasiki ndi ana olira. Mlamu wanga wabweretsa malalanje thumba lonse ndi botolo la zakumwa zotsekemera, kwa munthu wa shuga. Mtima wake ndi wabwino, mutu ndiye unapita kwina. Amandisambitsa m'mawa uliwonse ndipo sanayambe wakwinyapo nkhope ndi fungoli. Zimenezo ndilembe, poti pakamwa sindinganene.

Achimwene anakhala pa mpando chipewa chili pa bondo. "Mlongo wanga, zala ziwiri n'chiyani? Ndani amawerenga zala za mphunzitsi?"

Ndinati ine ndimawerenga.

Kufiira kwadumpha mzere pang'ono, mbali ya kuchidendene. Mwina ndi mmene ndinagonera.

Lolemba, 10 Juni

Anditengera m'kachipinda kotsukira mabala. Dokotala wachotsa zowola ndi lumo, n'kudula kanyama ka pansi pafupi ndi fupa, kuika m'kabotolo. Ndinaonetsetsa kuti kabotoloko kalembedwa dzina langa ndipo kanyamuka nthawi yomweyo. Wajambula mzere wachiwiri. Sanandifunse kanthu, anangondiyang'ana. Inenso ndinamuyang'ana.

Amakala apita ku fiyeta m'mawa, abwerako masana opanda zala zitatu. Atatsitsimuka mawu awo oyamba anali ofunsa ngati tiyi wadutsa kale. Sanafunse n'komwe dzina la chimene chawadya. Pali anthu amene ukawauza kuti gona apa tikudule amangofunsa kuti chagada kapena chammbali.

Shuga 15. Thupi 38.9.

Lachiwiri, 11 Juni

Wokopera wabwera ndi zithunzi pa foni. Ndinamulanda foniyo.

Makonki yamera bwino, yonse pinki. Mitundu iwiri yokha. Wina timadontho touma, tophwatalala, towerengeka. Winayo ndiye wadzaza mbale, wonenepa, wonyezimira, wonanda ngati mamina. Akuti akaukhudza ndi kawaya ukutamuka.

Ndinayang'ana nthawi yaitali. Ndinali nditaiwala kukongola kwake. Ndinamva ngati fungo la chipinda chophikira chakudya cha tizilombo, fungo la msuzi wopsereza lija linkatsalira m'malaya. M'kalasi monse munalibe wopaka mbale mizere yoyera kuposa ine. Aphunzitsi ankanyamula mbale yanga kuonetsa anzanga, Wokopera ali pomwepo.

Lero awapatula, aliyense pa mbale yake. Mawa timachubu.

Ndamuuza kuti mizere yake ikadali yokhotakhota. Wavomera.

Lachitatu, 12 Juni

Kuzizidwa, mano kugundana. Thupi 39.5. Ndasanza phala. Awonjezera diripi.

Mzere wachitatu uli pa kakolo.

Lachinayi, 13 Juni

Lero ndiliko pang'ono. Ndadya dzira ndi buledi theka.

Wokopera akuti wouma uja ndi Ikolayi. Pa mbale ina yotchedwa iyemubi wamera wobiriwira monyezimira ngati msana wa ntchentche ya kuchimbudzi, ndipo m'chubu cha indolo, atadonthezamo mankhwala, pamwamba panabwera mphete yofiira psuu. Ameneyo ndi wochepa, ndi wongoperekeza.

Wamamina uja indolo sanapange mphete. Chubu cha sitireti, chimene chimayamba chobiriwira, chasanduka buluu. Ndiye kuti ndi mmodzi mwa awiri: Kilebusiyela kapena Enterobakita.

Dokotala anabwera madzulo ali yekha, opanda ophunzira. Anakhala pa bedi, chinthu chimene sachita. Akuti nkhani ya zala yatha. Tsopano ndi theka la phazi, ndipo chidendene angachisunge ngati tichita mawa.

Ndinati kwatsala pang'ono, dzina likubwera.

"Mayi, ine ndilibe nalo ntchito dzinalo."

"N'chifukwa chake muli ndi mpeni."

Anapuma mozama, n'kuimirira. Wandiuza kuti ndisaine kuti ndakana ndekha. Ndasaina ndi dzanja langa labwino, zilembo zoima, kuti asadzati sindinkadziwa chimene ndikuchita.

Ahedi atumiza uthenga wondifunira kuchira msanga. Pansi pake alemba kuti ndisadandaule za ana a mayeso, apeza wina wowagwirizira. Kugwirizira kwake ndikukudziwa. Inenso ndinalowa pa sukulu ija pogwirizira wina.

Lachisanu, 14 Juni

Wokopera wabwera ndi mbale ya mankhwala pa foni. Amapaka kachilomboko mbale yonse, n'kuikapo timapepala tozungulira, kalikonse ndi mankhwala ake. Pamene mankhwala akugwira ntchito, kuzungulira kapepalako kumayera mbee, osamera kanthu. Kuzungulira seftriakisoni kwayera bwalo lalikulu, kwa Ikolayi ndi kwa wamamina yemwe.

"Mwaona? Mankhwala amene mukulandirawa ndi oyenera. Vuto si mankhwala."

Ndinati adikire kaye. Ngati ndi Kilebusiyela, chabwino. Koma Enterobakita ndi wachinyengo. Pa mbale amaoneka wogonja kwa mankhwala amenewa, akalowa m'thupi n'kuwazolowera pakati pa chithandizo. Ngati ndi iyeyo, ndakhala ndikulandira madzi, ndipo akasintha mankhwala phazi ili libwerera. Anavomera kuti zimachitikadi. Sakanakana, ndi zoona.

Kusiyanitsa awiriwa n'kosavuta. Enterobakita amayenda, ali ndi timichira. Kilebusiyela sayenda.

"Ndayang'ana kale pa maikulosikopu m'mawa uno," anatero. "Kadontho kamodzi. Sakuyenda. Akungonjenjemera pamalo amodzi."

"Iwe? Iwe amene unkalephera kusiyanitsa kunjenjemera ndi kuyenda, mpaka ndinkachita kukulozera ndi pensulo? Ndipereke phazi langa pa diso lako?"

Nkhope yake inagwa.

Ndinamuuza kuti ndikufuna chubu. Chakudya chofewa, abaye ndi singano kamodzi pakati, molunjika. Woyenda amabalalika, chubu chonse chimachita mtambo. Wosayenda amamera pa mzere wa singano pokha. Zimenezo ndiona ndi maso anga.

Akuti chakudya chofewacho alibe chopangapanga. Achite kuphika, chizizire, abaye mawa, ndiye pali Lamulungu.

"Lolemba," anatero. "Shasha, Lolemba ndi kutali."

Ndinati ndakhala ndikudikira zinthu zambiri kuposa Lolemba.

Loweruka, 15 Juni

Achimwene akalipa pamaso pa anthu, koyamba chibadwire changa.

"Dzinalo ukufuna ukamutche mwana? Ukalipachika pakhoma m'malo mwa digiri? Anthu ophunzira akuuza, mnzako wakuuza, iwe ndiwe ndani?"

Ndinawauza kuti iwo anathera fomu 2, asalowerere za m'labu. Anatenga chipewa n'kutuluka. Mlamu wanga anatsala akupinda ndi kupindula thaulo limodzi lomwelo.

"Alamu, ine sukulu ndilibe. Koma ndimakusambitsani ndine. Dzana fungo linali kuphazi. Lero lili kumwendo."

Ndinatembenukira kukhoma.

Thupi 39.2. Shuga sakutsika, 19, ngakhale awonjezera insulini.

Lamulungu, 16 Juni

Sindinathe kukhala tsonga. Alendo a anthu ena amaimba. Khungu la pa msongolo likadinidwa likulira ngati pepala.

Lolemba, 17 Juni

Amakala atuluka m'mawa. Ayenda okha mpaka pakhomo, motsimphina, phazi lili m'patapata wodula kutsogolo, mwana wawo atanyamula chikwama. Anabwerera kudzandigwira dzanja. "Aphunzitsi, mukatuluka mudzandipeze pamsika, thumba loyamba ndidzakupatsani laulere. Koma mudzabwere ndi dzina lija, nanenso ndilimve." Sankanyoza. Zikanakhala bwino akananyoza.

Wokopera sanabwere ndi foni. Wabwera ndi chubu chenichenicho m'thumba la gauni, chokulunga m'pulasitiki, zimene saloledwa. Anachiimika pa kuwala kwa zenera kuti ndione.

Chakudya chonse choyera, choonekera mbali ina. Pakati kamzere kamodzi kotuwa, koongoka, pamene panadutsa singano. Sikanapatuke ngakhale pang'ono.

Ndinachitembenuza mbali zonse. Ndinachiyang'ana chakumwamba ndi chakumunsi. Anabaya bwino, dzanja silinagwedere.

Zina zonse zagwirizana. Chubu cha methilo chachikasu, cha vipi chofiira, sitireti buluu, indolo wopanda mphete, ndipo sayenda. Kilebusiyela.

"Ndiye mankhwala ake ndi omwewa," ndinatero.

"Ndi omwewa."

"Chiyambire tsiku loyamba."

Anabweza chubu m'thumba, n'kukhala pa mpando kwa kanthawi, manja ali pakati pa maondo. Pochoka anafunsa ngati pali china chimene ndikufuna. Ndinati alembe dzinalo lonse pa pepala la zotsatira, asafupikitse.

Dokotala wabwera masana. Wadina mwendo kuyambira kukakolo kukwera, akundiyang'ana kumaso, mpaka pamene ndinakuwa. Cholembera sanatulutse. Ndinamuuza kuti ndi Kilebusiyela. Anati wamva. Ndinamufunsa za chidendene. Anapukusa mutu.

Ndasaina. Ulendo uno ndi pepala lovomera opaleshoni, siginecha yake yosaoneka bwino. Achimwene anali panja pa zenera, sanalowe, koma mlamu wanga akuti afika m'mawa kudzapereka magazi.

Kuyambira madzulo ano osadya kanthu.

Lachinayi, 20 Juni

Shuga 11. Thupi 37.3. Seftriakisoni akupitirira, kawiri pa tsiku.

Adula pansi pa bondo.